Mabatani a pa Zitini za Bambo

Ndinene mosapsatira mawu: mng'ono wanga ndinkamuchitira nsanje. Si nsanje ya chovala kapena ya mwamuna ayi, pakuti pa zimenezo Mulungu sanandimane. Nsanje yanga inali ya khitchini ya bambo athu.

Tinabadwa awiri, tonse akazi. Bambo amanditchula Chisamba poti ndine woyamba, iyeyo amamutchula Mzime poti ndi wotsiriza, ndipo mayina athu enieni amangogwira ntchito tikapita kuchipatala. Mayi atamwalira, zaka zitatu zapitazo, bambo anatsala okha m'nyumba imene tinakuliramo. Ine ndinawakonzera chipinda kwathu. Ndinapaka penti, ndinagula matiresi atsopano, ndinapachika makatani a maluwa. Anakana. Anati nyumba ikasiyidwa imakalamba msanga kuposa mwini wake. Ndiye ndinati chabwino, ngati simubwera kwathu, khitchini yanu ndiiyang'anira ndine. Mutu waukulu sulewa nkhonya.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndinkafika ndi katundu: mpunga, nyemba, mafuta ophikira, mchere, shuga, masamba a tiyi, anyezi, mazira, machesi ndi sopo. Ndinkalowa osaodira, n'kuika chinthu chilichonse pamene ndaona kuti m'poyenera. Ndiyo ntchito yanga imeneyo. Ndimagwira m'sitolo yogulitsa ziwiya zapanyumba, ndipo ndakhala ndikuyala mashelefu kwa zaka khumi ndi zisanu. Munthu akafuna kudziwa pamene kapu iyenera kukhala, afunse ine.

Koma chaka chatha, tsiku lina ndikutula katundu, bambo anandiitana pakhonde.

"Chisamba, iwe uli ndi ana atatu, ntchito yako ndi yoimirira tsiku lonse. Za khitchinizi musiyireko Mzime."

Anayankhula ngati akunditula mtolo pamutu, koma ine ndinamva ngati andichotsa ntchito popanda kalata yochenjeza. Mzime! Mwana amene anafika pokwatiwa asakudziwa kuti nyemba zimasankhidwa zisanaphikidwe. Amaluka tsitsi pa saluni ina pafupi ndi msika, ndipo kunyumba kwake ukafuna supuni umayamba wasuzumira mu ketulo. Ameneyo ndiye bambo anamusankha, ine ndilipo wamoyo.

Pasanathe miyezi iwiri khitchini ija inasanduka chinthu choti mlendo usamulowetse. Mchere anauthira m'chitini cha mkaka wa makanda, mchere wake wamibulu uja woti ukaugwira ngati timiyala. Shuga anali m'kachigubu ka majarini. Mpunga m'chitini cha mabisiketi chophwanyika pambali. Mafuta m'kabotolo ka pulasitiki, chitsekero chake choboola ndi msomali. Chinthu chokhacho cha ulemu pa shelefu yonse chinali chitini chofiira cha mayi, chimene ankasungiramo masamba a tiyi. Ndiye chitini chilichonse anachimanga kansalu m'chiuno, pa kansaluko n'kusokererapo mabatani: apa limodzi, apa awiri, apo atatu, osokedwa mokhotakhota ngati mano a galu wokalamba. Bambo athu ndi telala, koma mwana wawo kusoka chonchi! Ndinangoti ndi zokongoletsa za anthu a ku saluni.

Kagulidwe kake nakonso kankandinyansa. Ine ndinkagula zokwana mwezi wonse. Iyeyo ankagula pang'onopang'ono, mlungu ndi mlungu, ndipo ndinadziwa chifukwa chake: ankafuna chonamizira choti azibwerabwera. Ndikafika Lamlungu masana ndinkawapeza ali awiri m'khitchini, akuseka.

"Kumanja, bambo. Ayi, kumanja kwanu, osati kwanga. Eya, pamenepo!"

Ndikangolowa, zii.

"Mukukambirana zotani?"

"Palibe, achemwali. Mwaswera bwanji?"

Palibe. Anthu awiri akuluakulu kuseka mpaka misozi, koma palibe. Bambo anali atasiya kusoka, makina awo atafunditsidwa nsalu pakona, ndipo ndikafunsa ankati msana ukuvuta. Ngakhale za msanawo ndinkaganiza kuti Mzime akudziwa zambiri kuposa ine. Ndikabwerera kwathu mtima unkandiwawa mpaka chakudya osatsika.

Amuna anga anayesa kundiziziritsa. "Mayi a ana, si ndiye wakupepukitsira ntchito mng'ono wakoyo?"

"Inu idyani. Za kwathu zisiyeni."

Mwayi wanga unabwera pamene apongozi ake a Mzime anagwa m'bafa n'kuthyoka mwendo. Anayenera kupita kukawasamalira milungu iwiri, kutali ndithu. Atakwera kale basi anandiimbira foni.

"Achemwali, ndawagulira bambo zonse zokwana masiku ndichokewa. Mukapita mukangowaona, koma chonde m'khitchini musakasunthe kanthu."

"Wati chiyani?"

"Musakasunthe kanthu. Ngakhale supuni."

Musakasunthe kanthu! M'nyumba imene ine ndinayamba kukwawamo iyeyo asanaganiziridwe n'komwe. Ndinadula foni ndisanalankhule mawu oti mawa n'kuwapepesa.

Mlungu womwewo m'sitolo mwathu munafika mabotolo agalasi osungiramo zakudya, khumi ndi awiri pa katoni, ofanana msinkhu, ofanana kukamwa, zivundikiro zake zamtengo. Nditawayala pa shelefu ndinaima chapatali n'kuwayang'ana, ndipo chimene ndinaona si mabotolo ayi, ndinaona nkhope ya Mzime akulowa m'khitchini ya bambo. Ndinatenga katoni imodzi, ndi botolo lina lalitali la mafuta, la kukamwa kwakukulu loti sulimbana nalo pothira.

Lolemba ndilo tsiku langa lopuma. Ndinalawirira kumsika, ndipo sindibisa, ndinagula mokondwa. Mpunga ndinaununkhiza kaye, n'kuupukusa m'manja kuona ngati uli wosweka. Nyemba ndinaluma imodzi kuti ndidziwe ngati ndi zachaka chino. Anyezi ndinasankha wouma pakhosi, mazira ndinawagwedeza pakhutu limodzilimodzi mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndikufuna amene akuimba nyimbo. Mchere ndinagula wosalala, woyera mbee, osati miyala ya Mzime ija. Ndinaonjezanso zimene khitchini ya munthu wolemekezeka siyenera kusowa: ufa wa tirigu, soda, adyo, tsabola wogaya. Ndinafika kwa bambo dzuwa lisanakwere, manja onse ali ndi zikwama.

Anali pakhonde ndi wailesi yawo. Ndisanatsegule n'geti lomwe anati, "Chisamba uyo. Nsapato zako zimafika iwe usanafike."

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka. Koma ukupuma ngati wasenza katundu wolemera."

"Ndi tinthu tochepa chabe. Inu khalani pomwepo, ndingosesako m'khitchini."

"Kusesa kokha?"

"Kusesa kokha."

Ndinatseka chitseko n'kuyamba ntchito. Ndinatsitsa zonse, ndinatsuka mashelefu ndi madzi otentha, ndinayala pepala latsopano. Zimene Mzime anagula sindinataye, ndinaziphatikiza ndi zanga m'mabotolo, kupatula mchere wamibulu umene ndinauthira m'jumbo kuti ndikaviikire zovala zosuluka. Botolo lililonse ndinalimata kapepala, n'kulembapo dzina la chimene chili mkatimo ndi dzanja langa labwino lija limene aphunzitsi ankalionetsa kalasi yonse. Makapu ndinawakweza pa shelefu yam'mwamba kuti asamachite fumbi. Mpeni ndinaulowetsa m'dirowa. Machesi, amene ankangokhala pazenera ngati alibe kwawo, ndinawapezera malo m'kabati.

Zitini zakale ndinazilonga m'thumba, ndi nsanza zake ndi mabatani ake omwe. Ngati kuti Mulungu akundivomereza, nthawi yomweyo kunja kwa mpanda wakuseri kunadutsa bambo wina woyenda ndi wilibala, wotola zitini ndi mabotolo. Ndinamupatsira thumba lonse pamwamba pa mpanda, ndipo anandithokoza kawiri. Chitini chofiira cha mayi chokha ndicho ndinachibisa m'chikwama changa. Anali mayi anga inenso, osati a Mzime yekha.

Nditamaliza, mabotolo khumi ndi awiri anali ndandanda, onse waliwali, odzaza mpaka m'khosi. Ndinapukuta thukuta n'kukawatenga bambo.

"Bwerani mudzaone."

Anaima pakhomo la khitchini, dzanja lili pa felemu. Kenako anayenda mpaka pa shelefu, anagwira botolo loyamba, analisiya, anagwira lachiwiri, lachitatu.

"Onse ndi ofanana," anatero.

"Ndendende! Palibe ngakhale limodzi losiyana ndi linzake."

"Nanga zitini zija?"

"Zapita kumene zinayenera kupita kalekale."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Zakongola, mwana wanga. Wagwira ntchito."

Basi. Anabwerera pakhonde n'kukweza wailesi. Ndinaima m'khitchini yanga yowala ija mtima ukutentha. Akanakhala Mzime atabweretsa kachitini kena kotola kudzala, bwenzi akuseka mpaka kutsokomola. Ine ndathyoka msana m'mawa wonse, malipiro anga ndi "zakongola". Ndinajambula chithunzi pa foni koma sindinamutumizire Mzime, chifukwa nkhope yakeyo ndinkafuna kudzaiona ndi maso anga.

Masiku otsatirawo ndinkawaimbira ndikaweruka.

"Mwadya, bambo?"

"Ndadya."

"Mwadya chiyani?"

"Zomwe unagula zija."

Lachisanu ndinapempha kuti nthawi ya nkhomaliro nditalikitseko, ndinakwera minibasi n'kupita. Ndinawapeza pakhonde pomwe paja, atavala jekete ya manja aatali dzuwa likuswa mtengo. Ndinawapatsa moni n'kulunjika kukhitchini.

Munthu woyala mashelefu sanamizidwa. Ndikayang'ana botolo ndimadziwa ngati lachotsedwamo ngakhale supuni imodzi. Mpunga unali m'khosi pomwe ndinausiya. Nyemba chimodzimodzi. Shuga, tiyi, ufa, zonse zili tho. Pa mazira panachoka awiri okha. Pa tebulo panali jumbo ya buledi yotsala nyenyeswa ndi makoko a nthochi. Khoma la kuseri kwa sitovu linali ndi mwaye wakuda umene Lolemba panalibe, ndipo chiwaya chinali panja pansi pa mpope, chakuda bii.

Mwayewo ndinauona, koma sindinauganizire. Nsanje ikakugwira, maso amangoona chimene mtima ukufuna. Ndinatuluka ngati ndapsa ndi moto.

"Bambo, chakudya changa chili ndi poizoni?"

"Wayamba chiyani tsopano?"

"Masiku anayi mukudya buledi wouma ngati mkaidi, m'nyumba muli chakudya chodzaza! Mukudikira Mzime? Mpunga ukagulidwa ndi ine sulowa kukhosi? Ndinakulakwirani chiyani ine? Chipinda ndinakukonzerani munachikana. Khitchini munandilanda n'kupatsa mwana. Ndikalowa mumasiya kuseka ngati walowa wapolisi. Ngati ndinali wotola, mungondiuza lero ndidziwe!"

Ndinakhuthula zakukhosi zonse za chaka chathunthu, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anasiya kuyanika zovala kuti amve bwino. Bambo anangozimitsa wailesi.

"Khala pansi, Chisamba. Ndikupangire tiyi, uone kuti zinthu zako ndikuzigwiritsa ntchito."

Sindinakhale pansi. Ndinawatsatira, n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno. Analowa molunjika bwinobwino, anatenga ketulo pamalo pake, anatunga madzi. Kenako dzanja lawo linapita pazenera, pamene pankakhala machesi, n'kupapasa pa simenti popanda kanthu. Analibweza msanga ngati sanafune kanthu. Linapita pa mbedza pamene pankapachikidwa makapu, n'kugwira mphepo. Ndiye anatembenukira ku mabotolo anga. Anatenga limodzi, analivundukula, analinunkhiza, analibwezera. Anatenga lina.

"Mukununkhiza chiyani? Zalembedwa pamenepo, werengani."

"Eya, eya."

Anakweza botololo kufika nalo kumaso. Kapepala kanali kumbali yoyang'ana ine, ndipo ndinkawerenga bwinobwino dzanja langa labwino lija: SODA. Iwo ankayang'anitsitsa mbali yopanda kanthu, milomo ikugwedera ngati munthu amene akuwerengadi.

"Shuga uyu," anatero.

Pokweza dzanja paja, mkono wa jekete unatsetsereka, ndipo ndinaona kansalu koyera komangidwa pamwamba pa dzanjalo, kothimbirira pakati.

Ndinakweza zala pamaso pawo. "Bambo, zala zingati izi?"

Anaika botolo pa tebulo mosamala, anafufuza mpando ndi phazi, anakhala.

"Kuyambira liti?"

"Diso lamanzereli linazima chaka chatha. Lamanjali likuona ngati m'chifunga, kuwala ndi mdima basi. Adokotala akuti si ng'ala yoti n'kuchotsa. Mankhwala odonthezawo ndi ongochedwetsa."

"Nanga dzanjalo?"

"Lolemba lomwe lija ndinati ndikazinge mazira. Kabotolo kakale kaja ndinkakafinya katatu, mafuta akwana. Lakoli ndinangolipendeketsa pang'ono, mafuta onse khuthu, ena pamoto. Sitovu ndinaizimitsa, usaope. Koma kuyambira pamenepo sindinayatsenso."

Mwana wabwino akanagwada pamenepo n'kupepesa. Ine mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwanga anali akuti, "Ndiye Mzime akudziwa?"

Ndikuchita manyazi mpaka lero, koma ndi zimene ndinanena.

"Ndi amene amandiperekeza kuchipatala."

"Chaka chathunthu! Ine bwanji? Si ine wamkulu?"

"Iwe ukanadziwa Lolemba, Lachiwiri ndikanagona pa matiresi ako atsopano aja. Ndikunama?"

Sankanama.

"M'nyumba muno ndimaona, Chisamba. Kuchoka pabedi kufika pakhomo ili ndi mapazi khumi ndi awiri. Kuchoka pakhomo kufika pa sitovu ndi anayi. Batani limodzi unali mchere, awiri shuga, atatu mpunga, lalikulu lija tiyi. Mchere wamibulu sungausokoneze ndi shuga, chala chimakuuza. Ndinkadziphikira, ndinkadzitsukira mbale, sindinkapempha munthu. Kwanu kuja ndikakhala wakhungu weniweni, wodikira mdzukulu aweruke kusukulu kuti andigwire dzanja popita kuchimbudzi. Ndinamulumbiritsa Mzime kuti asakuuze. Si kuti ndimamukonda kuposa iwe ayi. Iyeyo anandifunsa kuti, bambo, mchere mumaufuna pati? Iwe sufunsa, mwana wanga. Iwe umakonza."

Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndinayang'ana mabotolo anga khumi ndi awiri, ofanana ndendende, ndipo ndinalakalaka kuwaphwanya limodzilimodzi.

"Mabataniwo tisokanso ena," ndinatero.

"Tisoka. Koma aja anali a pa juzi ya mayi ako, yobiriwira ija. Tinawadula ndi Mzime."

Ndinawayatsira sitovu, ndinawaphikira mpunga ndi mazira, ndinawatsuka bala lija n'kulimanga bwino. Anadya ngati munthu wochokera kuulendo, ndipo ine ndinayang'ana kumbali. Kenako ndinaimbira abwana anga kuti sindibweranso tsiku limenelo, n'kuthamanga kukasaka bambo wa wilibala uja. Ndinafunsa ogulitsa makala, ndinafunsa okonza njinga, mpaka anandilozera kumpanda wa malata kumene amagula zitsulo zakale. Ndinamupezadi, akudya chinangwa pamthunzi. Anandikumbukira, koma anangoloza mulu wa zitini zophwanyidwa, wautali kuposa ine.

"Nsanzazo timayamba tachotsa n'kuotcha, mayi. Munaiwalamo kanthu?"

Madzi akatayika sawoleka. Ndinatsala ndi chitini chimodzi chokha, chofiira chija ndinaba, chimene chinali m'kabati kwathu.

Nditafika kunyumba ana anali asanaweruke. Ndinatenga chitinicho, koma m'malo motuluka ndinapezeka ndatsegula chipinda chija ndinakonzera bambo. Makatani a maluwa anali pomwepo, matiresi akadali m'pulasitiki yake. Ndipo ndinene zoona, Satana anandinong'oneza zomveka bwino. Munthu wosaona, wokhala yekha, wopsa ndi moto: ndani akanandidzudzula nditawatenga? Amuna anga akanabwera ndi galimoto ya kuntchito, tikanawanyamula tsiku lomwelo. Bwenzi bambo ali anga m'mawa, masana ndi madzulo. Mzime bwenzi akubwera ngati mlendo, kuodira pakhomo panga, ine n'kumamuuza kuti musasunthe kanthu. Ndinazilawa zimenezo mumtima, ndipo zinali zokoma.

Ndinaima pamenepo nthawi ndithu, chala changa chikusisita batani lalikulu la pa chitini. Ndinalikumbukira. Linali la pakhosi pa juzi ija, limene mayi ankalimanga pokhapokha kukazizira kwambiri. Ndinatseka chitseko cha chipindacho n'kubwerera kokwerera minibasi.

Bambo ndinawapeza pakhonde. Ndinangowaika chitini m'manja. Chala chawo chachikulu chinayenda pa kansalu mpaka chinapeza batani. Anachigwira chitinicho ndi manja awiri, ngati chili ndi kanthu kotentha mkati.

"Unachisunga?"

"Ndinachiba, bambo."

"Wakuba uyu ndiye watithandiza."

Ndinalowa m'khitchini, ndinaima pakati. Zaka khumi ndi zisanu ndikuuza anthu pokhala zinthu, mawu amenewa anandivuta kutulutsa.

"Bambo, mchere mumaufuna pati?"

Tinagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Iwo atakhala pa mpando akulamula, ine ndikumvera ngati wophunzira ntchito. Machesi anabwerera pazenera. Makapu pa mbedza. Mpeni pa thabwa, msonga yake kuloza kukhoma. Ndinathamangira ku golosale kukagula mchere wamibulu ndi kabotolo ka pulasitiki, chitsekero chake ndinachiboola ndekha ndi msomali. Ufa wa tirigu, soda ndi tsabola wogaya anati ndizitenge, sanaziitane. Mabotolo agalasi anati akhale, bola ndiwamange nsalu yokhuthala kuti asamaterere m'manja.

Ndinavundukula makina awo osokera, m'dirowa ndinapeza kabokosi ka mabatani otsala pa zovala za anthu a zaka makumi anayi. Iwo ankasankha ndi zala, n'kumandipatsira. Ndinalowetsa ulusi m'singano monga ankandituma ndili mwana, ndipo ndinasoka monga anandiphunzitsira: kulowetsa kanayi, kukulunga ulusi pansi pa batani katatu, mfundo kuseri. Nditamaliza la mchere ndinawapatsa kuti ayese. Analipapasa, analikoka, analipotokola.

"Ili lasokedwa ndi mwana wa telala," anatero. "Mzime amasoka ngati akuthawa mvula. Koma usakamuuze."

Mukanaona mmene mtima wanga unadumphira! Mayi wa ana atatu, woti ndangotsala pang'ono kuotcha bambo anga ndi nyumba yomwe, kusangalala ndi batani ngati mwana wopatsidwa switi. Mawu amenewo ndinawasunga masiku asanu ndi anayi, ndikuwatembenuzatembenuza mumtima, kudikira mwini wake.

Mzime anabwera Lamlungu masana, molunjika kuchokera kokwerera basi, chikwama chili paphewa. Bambo anali atamuuza kale zonse pa foni. Ndinakonzeka kuti andikalipire, ndipo mayankho ndinali nawo okwana. Koma sanakalipe. Anagwira dzanja la bambo, anayang'ana bala, kenako analowa m'khitchini n'kuyendetsa chala pa mabotolo limodzilimodzi.

"Mwasoka bwino, achemwali."

Kufatsa kwakeko ndiko kunandiputa. Ndinaiwala zoti usakamuuze.

"Bambo anenanso zomwezo. Akuti iwe umasoka ngati ukuthawa mvula."

Ndinadikira kuti nkhope yake igwe. Anaseka pang'ono, osandiyang'ana, chala chikadali pa batani lalikulu la mayi.

"Akunena zoona. Ndinkasoka ndikulira, achemwali, singano sindinkaiona. Tinali titangochoka kwa adokotala tsiku limenelo. Ndinkafuna kukuimbirani, koma ndinali nditalumbira. Chaka chonsechi mukabwera Lamlungu, mukudandaula za fumbi la pa makapu, ndinkakusirirani kuti inu mukagona tulo."

Ndinasowa poyang'ana. Chaka chathunthu ndinkalimbirana naye mtolo, osadziwa kuti ukumuthyola khosi.

Pakhonde bambo anakuwa kuti kodi m'nyumba ya ana aakazi awiri munthu angafe ndi ludzu la tiyi? Ndinamulandira Mzime chikwama chija paphewa, chinali cholemera. Ndinamukokera mpando kuti akhale, ine n'kutenga machesi pazenera.